Makumi Awiri Basi

Ndinasoka makumi awiri, basi,
chaka chomwe mtedza unaolera m'minda
ndipo pa Kamwendo panalibe wosoketsa diresi.
Zidole za mpango kumutu, ndolo za mikanda,
m'mimba thonje la matiresi akale,
maso mabatani a m'chitini cha malemu amuna anga.
Pansi pa phazi lamanzere
ndinapeta nambala ndi ulusi wofiira,
ndipo ndinalengeza pakhonde la golosale
kuti zikatha izi, zatha.

Sikunali kuchenjera kwa malonda ayi.
Zitenje zinali zitatu zokha,
za mpendadzuwa, zogula ku Chipata,
ndipo mtundu umenewo sindinauonenso.

Papita mvula khumi ndi ziwiri.
Ndikumva kuti china chili ku Lilongwe pa shelefu ya bwana,
china chinagulidwa pa mtengo wa mbuzi yabere,
ine amene ndinachisinthanitsa ndi sopo ndi palafini.

Lachiwiri anafika a Kachigamba, kalaliki wopuma,
atamanga mpira kumwendo kwa buluku kuopa tcheni.
Iwo ali nazo zisanu ndi chimodzi m'kabati ya galasi,
kiyi m'thumba la malaya,
adzukulu amangosiya mphuno zawo pagalasipo.
Akuti, Mayi Nazombe, ndamva mphekesera.
Lonjezo ndi ngongole.
Mukachulukitsa, zanga zisanduka zisanza.
Ndinayenda mpaka ku Mkanda kufuna nambala folo,
ndinapirira agalu ndi matope,
lero aliyense wotsika minibasi angotola?
Sindinawatsutse. Mawuwo ndinanenadi ndine,
pakamwa pomwe pano.

Lachisanu kunabwera namwino wa ku Kochilira,
Edina Mvula, mwana kumsana,
nsapato zoyera zitafiira ndi fumbi.
Chake chinali nambala naini.
Chinagona naye m'chipatala atadwala chikuku,
chinapita naye ku sekondale m'sutikesi,
diso limodzi litathothoka, mkono wosokereredwa kawiri,
kenaka chiswe chinachipeza m'katoni.
Akuti, sindikufuna cha mtengo wa mbuzi,
ndikufuna choti uyu azikokera pansi
ndi kumatafuna mwendo mano akamamera.

Usiku umenewo makina anandiyang'ana, ine n'kuwayang'ana.
Chidole n'cha ndani kodi,
wosoka, wosunga, kapena wochidetsa?
Wina anagula mawu anga,
wina anangokonda ntchito ya manja anga,
ndipo onse awiri sakunama.

Tambala asanalire ndinapalasa.
Nsalu ina, ya nyenyezi, yotsala pa diresi la ukwati wa eni.
Singano ndinailowetsa ulusi kachisanu ndi chitatu
chifukwa maso ayamba kundikana.
Kamwa inapendekeka ngati ya munthu wobisa nkhani,
mabatani awiri osafanana,
lina la yunifolomu, lina sindikudziwa.
Ndinayesetsa kuti chifanane ndi azikulu ake,
chinakana.
Manja a chaka chija anapita ndi chaka chija.

Ulusi wofiira ndinaugwira, n'kuubwezera m'chitini.
Phazi ndinalisiya loyera.

Loweruka, Edina asanafike,
belu la njinga linalira pabwalo.
A Kachigamba anachinyamula ngati dzira,
anachitembenuza chadodolido,
anavala mandala, anafunafuna pansi pa phazi,
lamanzere, lamanja, lamanzerenso.
Anakhala chete nthawi yoti galimoto ya fodya
idutse yonse ndi utsi wake.

Kenaka, motsitsa mawu, kuti oyandikana asamve:
Chopanda nambalachi,
chilipo chimodzi chokhachi?
Mukuchita zingati?

Ndinaseka mpaka kutsokomola.
Ndinati chili ndi mwini kale,
ali ndi miyezi isanu ndi iwiri, ndipo sasunga kanthu m'galasi.
Pofika Lolemba chidzakhala chitanyowa dovu,
mpango utasowa kuseri kwa mtondo.

Anakwera njinga osatsanzika bwino.
Koma pa ngodya ya chigayo anaima, anacheuka,
nafuula kuti ngati pali nsalu yotsala,
ali ndi mdzukulu wamkazi
amene watopa ndi kupukuta galasi.